Kodi Mfuti Ibwerekedwa Ngati Khasu?

Mwa makhalidwe onse amene makolo anasiyira ana ao m'midzi ya Acewa, Ansenga ndi Angoni, palibe lina lotamandika koposa kupatsa. Mwana aphunzira akali wamng'ono kuti munthu womana mnzace khasu, mtondo kapena moto ndi munthu wouma mtima, ndipo dzina la umbombo likamgwera munthu silimcoka msanga. Akulu anati kupatsa nkuika, ndiko kunena kuti cimene munthu apereka lero adzacipeza mawa pa tsiku la kusowa kwace. Ngakhale cinenero comwe cicitira umboni mwambo umenewu, pakuti mau amodzi akuti "kubwereka" agwira nchito mbali zonse ziwiri. Wosowa ati, "Ndabwereka nkhwangwa kwa amalume," ndipo amalumewo ati, "Ndambwereka nkhwangwa mphwanga." Wopereka ndi wolandira amangidwa ndi mau amodzi, monga ngati nchito yao iri imodzi.

Koma pali cida cimodzi cimene ciika mwambo wabwinowu pa mayeso, ndico mfuti. Munthu wagula mfuti ndi thukuta lace, Boma lampatsa cilolezo, ndipo waikapo galasi loonera patali. Madzulo ena mlamu wace afika nati, "Alamu, nguluwe zanditsirizira cimanga kumunda. Ndibwerekeniko mfuti yanu usiku uno wokha." Mwini mfuti akakana, kodi wacimwira cibale? Akalola, ndipo cipolopolo cikasiya nguluwe nicilasa munthu, mlandu uli pa yani? Funso limeneli silibvuta alimi okha. Libvutanso anthu a m'maiko ambiri amene akonda mfuti monga ena akondera mpira kapena bawo, amene asonkhana kuonetsana zida zao, kukangana za magalasi, ndi kuyesana kuombera candamale.

Mfuti ya makolo

Mfuti zinafika m'cigwa ca Luangwa ndi m'maiko ozungulira m'manja mwa amalonda a minyanga ndi akapolo, makamaka m'zaka za m'ma 1800: Acikunda ocokera ku Zambezi, Abisa, Ayao, ndi Aluya ocokera ku nyanja yamcere ya kum'mawa. Zinali mfuti za gogodela, zothira onga ndi cipolopolo kukamwa ndi kusinjirira ndi kandodo. M'caka ca 1890 maiko a Azungu anapangana ku Brussels kuti m'cigawo cacikulu ca Afirika eni dziko asagulitsidwe mfuti zamakono koma zacikale zokha, ndipo cotero gogodela inakhala mfuti ya m'mudzi zaka zambiri.

Gogodela inali kuyenda m'manja ambiri. Inali cuma ca mbumba, colowa kucokera kwa malume kunka kwa mwana wa mlongo wace, ndipo mbale wodziwa kusaka anali kuibwereka kawiri-kawiri. Koma panali lamulo losalembedwa: wobwereka akapha nyama, mwini mfuti anali kulandira gawo lace, cinkana iye anatsala kumudzi ali kuotha moto. Mwambo uwu uli ndi nzeru yobisika. Polandira nyama, mwini mfuti anali kubvomera kuti dzanja lace linali nao kuthengo. Tsono munthu amene ati, "Nyama iyi ndi yanganso cifukwa mfuti ndi yanga," sangathe kutembenuka pa tsiku la ngozi ndi kunena kuti, "Mwazi uwu suli pa ine cifukwa cala sicinali canga." Wolowa m'phindu walowanso m'mlandu.

Ndiponso gogodela inali kumkakamiza mlenje kuyandikira. Cipolopolo cace sicinali codalirika pa mtunda wautali, cotero fundi anali kukwawa, mphepo iri kumaso, kufikira ataona khutu la nyama liri kugwedezeka. Anali kudziwa cimene ali kuombera, ndipo ngozi yaikulu inali pa iye yemwe, popeza mfuti zotere zinali kuphulika m'manja onga ukacuruka. Mfuti yamakono yatembenuza zonsezi. Cipolopolo ca mfuti ya .303 kapena .30-06 cikaphonya cingathe kuyenda makilomita oposa 3 cisanagwe, ndipo ngakhale kamfuti ka .22, kamene anyamata akayesa coseweretsa, kaponya cipolopolo kilomita imodzi ndi theka kapena kucepera pang'ono. Ngozi yacoka pa woombera, yapita kwa anthu amene iye sawaona.

Galasi ndi diso la mwini

Nzeru yoika mizere yopingasana m'kati mwa galasi inayamba ndi munthu wosaganizako za ulenje. William Gascoigne, Mngelezi wophunzira za nyenyezi, ca m'ma 1640 anapeza kuti kangaude waluka ulusi m'kati mwa telesikopu yace, ndipo ulusiwo unali kuoneka bwino lomwe pamodzi ndi cinthu cakutali cimene iye anali kupenya. Anazindikira kuti ulusi wotere ungathe kuloza malo eni-eni pa thambo. Iye anafa pa nkhondo ya ku Marston Moor m'caka ca 1644, ndipo panapita zaka pafupi-fupi 200 amisiri a ku America asanayambe kumanga magalasi otere pa mfuti. William Malcolm wa ku Syracuse, m'cigawo ca New York, anayamba kuwapanga ogulitsa m'caka ca 1855, ndipo pa nkhondo ya pa ciweni-weni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, asilikali ena anawagwiritsa nchito polasa adani amene sanali kudziwa nkomwe kuti ali kupenyedwa.

Okonda mfuti akakhala pansi, nkhani ya magalasi siitha msanga. Wina atama Zeiss ya ku Germany, wina Swarovski ya ku Austria, wina Leupold ya ku America. Pa galasi liri lonse palembedwa manambala, monga 4x32 kapena 3-9x40. Nambala yoyamba inena kuti galasilo likuza cinthu kangati. Yomariza inena kukula kwa diso lace lakutsogolo, lolowetsa kuwala, m'mamilimita. Galasi la 4x32 lionetsa nswala yoima pa mamita 100 monga ngati iri pa mamita 25. La 3-9x40 mwini wace angathe kulipotokola kuti likuze katatu kapena kufikira maulendo 9.

Mnyamata wogula galasi koyamba athamangira la nambala yaikulu, poyesa kuti kukuza kwambiri ndiko kuona kwambiri. Alenje okhwima adziwa kuti ziri mwina. Galasi lokuza maulendo 4 lionetsa malo otambalala mamita ngati 10 pa mtunda wa mamita 100. Likafika pa maulendo 9, malowo atsala mamita ngati 4 okha. Likuzanso kunjenjemera kwa manja ndi kugunda kwa mtima, kotero kuti mizere ibvina pa nyama. Cifukwa cace osaka njati m'chire lowirira asankha galasi lokuza pang'ono, ndipo ena safuna galasi konse, pakuti njati ikabwera mwaukali munthu afunika kuona njati yonse pamodzi ndi chire lomwe. Cimene galasi lionjeza pakati, licotsa m'mbali. Lionetsa phewa la mbawala bwino-bwino, koma libisa mai wotola nkhuni amene wawerama mapazi asanu kumanzere kwace. Ndico cifukwa alenje aphunzitsa kuti munthu asapenye ndi galasi la pa mfuti cinthu cimene sanacizindikire, popeza kumene galasi lapenya ndi kumene kamwa la mfuti laloza. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo kudekha sikugulidwa m'sitolo pamodzi ndi galasi.

Pali cinthu cinanso cimene obwereka ambiri saciganizira. Galasi likamangidwa pa mfuti liyenera kukonzedwa, ndipo akonza ndi mwini wace molingana ndi thupi lace. Apotokola diso lakumbuyo kufikira mizere ioneke bwino m'diso lace la iye mwini. Asuntha galasi lonse kuti pakati pa ilo ndi diso pakhale danga la masentimita 8 kapena 10 pamene mfuti yatsamira pa phewa lace. Munthu wa khosi lina akayandikitsa nkhope, mfuti pobwerera m'mbuyo imtema pa nsidze. Kenaka aombera candamale masiku angapo, ali kutembenuza timagudumu ta pa galasi pang'ono-pang'ono, kulira kumodzi kwa kagudumu kukusuntha cipolopolo sentimita imodzi kapena kucepera pa mamita 100, kufikira mizere ndi cipolopolo zigwirizane. Cigwirizano cimeneci ciri ca mfuti imeneyo, zipolopolo za mtundu umenewo, ndi kagwiridwe ka munthu ameneyo. Wina akaitenga, naikamo zipolopolo zina, naigwira m'njira yace, cipolopolo cingathe kugwera pena. Pa candamale ca pepala kuphonya kotere ndi nkhani yosekana. Pa njati ndi nkhani ina: yolasidwa m'mimba m'malo mwa pa mtima ikabisala m'bango ndi ukali wace, ndipo wokumana nayo m'mawa mwace ndi msodzi kapena mwana wopita ku sukulu, amene sanabwereke kanthu kwa munthu ali yense.

Apa paoneka kusiyana koyamba kwa khasu ndi mfuti. Wobwereka khasu walandira khasu lonse, pakuti nzeru yolimira ali nayo kale m'manja mwace. Wobwereka mfuti ya galasi walandira citsulo cabe. Diso la mwini, kuzolowera kwace ndi kudziletsa kwace zatsala kunyumba.

Mau a okonda kugawana

Komabe sikungakhale cilungamo kuweruza mlandu uwu osamva mbali inayo. Palibe mlenje anabadwa ndi mfuti m'manja. Yense anayamba kuombera ndi mfuti ya mnzace. Mfuti yabwino pamodzi ndi galasi lace idya ndalama zambiri, ndipo munthu wanzeru afuna kuyamba wayesa ya mnzace asanataye cuma cace pa cinthu cosamuyenera. Eni mfuti onse akadakhala omana, luso limeneli likadatsala m'nyumba za olemera okha, ndipo mlimi wosauka akadangoyang'ana nyama ziri kutha dzinthu zace. Kugawana zida ndiko kwasunga ubwenzi m'magulu a oombera, monga a ku Bisley ku England, kumene bungwe la National Rifle Association la dzikolo linasamukira m'caka ca 1890. Kumalo otere munthu akasirira mfuti ya mnzace, kawiri-kawiri auzidwa kuti aiyese.

Mau awa ndi oona. Koma wopenyetsetsa kagawanidwe kao apeza kuti sikafanana ndi kubwerekana khasu. Mwini atsegula mfuti, naonetsa kuti mulibe cipolopolo; wolandira nayenso apenya yekha, cinkana waona mnzace ali kupenya, ndipo palibe wokwiya kuti sakhulupiriridwa. Kamwa la mfuti liloza kumene kuli candamale nthawi zonse. Koposa zonse, mwini aima pambali pa wobwerekayo kufikira mfuti ibwerere m'manja mwace. Lamulo la ku Britain la m'caka ca 1968, monga linakonzedwa m'caka ca 2017, linalemba mwambo womwewu: munthu wopanda cilolezo, wa zaka 17 kapena kuposa, angabwereke mfuti ya zipolopolo pa malo a mwini, koma pokhapo wombwerekayo, kapena wina wacilolezo wololedwa pa malopo, ali naye pamodzi. M'Zambia, lamulo la mfuti la m'caka ca 1969 linamanga cilolezo pa dzina la munthu ndi pa mfuti yodziwika nambala yace, ndipo lamulo la nyama zakuthengo la m'caka ca 2015 linaika zilolezo za kusaka m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife. Malamulo onsewa anena cinthu cimodzi cimene mwambo wa gawo la nyama unanena kale, cakuti mfuti iri ndi mwini, ndipo mwiniyo sacoka pa iyo cifukwa cakuti yalowa m'manja ena.

Cimene galasi silionetsa

Ngakhale kuima pambali sikukwanira nthawi zonse, pakuti pali mtunda wina umene galasi liri lonse silingathe kuufupikitsa. Akulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Chris Kyle anali msilikali wa ku America wochuka pa kulasa patali ndi mfuti ya galasi, amene anapita ku nkhondo ya ku Iraq maulendo anai. Atasiya usilikali anali kuthandiza anzace obwera ku nkhondo ndi mitima yosweka, ndipo njira yace ina inali kupita nao kokaombera candamale. Pa 2 February 2013, iye ndi bwenzi lace Chad Littlefield anatenga Eddie Ray Routh, msilikali wakale wodwala maganizo, amene mai wace anapempha Kyle kuti amthandize, napita naye ku malo oomberako m'cigawo ca Texas. Pa bwalo la milandu kunamveka kuti ali pa njira awiriwo analemberana mau pa foni osonyeza kuti khalidwe la mlendoyo linawadetsa nkhawa, koma ulendo unapitirira. Atafika, Routh anawaombera onse awiri nawapha ndi mfuti za Kyle yemweyo. M'caka ca 2015 bwalo linampeza wolakwa ndi kumlamula kukhala m'ndende moyo wace wonse.

Mlandu wa imfa zimenezi uli pa wakuphayo, ndipo cifundo ca akufawo siciyenera kunyozedwa. Koma nkhaniyi iphunzitsa kuti kudziwa mfuti ndi kudziwa munthu ndi nzeru ziwiri zosiyana, ndi kuti mtima wabwino wa wopereka suyeretsa manja a wolandira. Wofuna kubwereka mnzace mfuti ayenera kufunsa mafunso amene sangafunse pa khasu. Kodi munthuyu amwa mowa motani? Kodi ali pa mkangano ndi yani, wa malire a munda kapena wa mkazi? Kodi masiku ano ali ndi cisoni cotani? Funso lomarizali liri lolemera, pakuti ku America, kumene mfuti ziri zambiri m'nyumba za anthu, pa zaka zambiri oposa theka la akufa ndi mfuti akhala odzipha okha. Maganizo oipa a usiku umodzi akadatha mbandakuca, koma mfuti siipatsa munthu nthawi yakuti alape.

Mabwalo ena a milandu afika potsutsa wopereka pamodzi ndi woombera. Ku Michigan, makolo ena anagulira mwana wao wa zaka 15 mfuti yaing'ono, ndipo patangopita masiku owerengeka, pa 30 November 2021, mwanayo anapha nayo ana anzace anai pa sukulu ya Oxford High School. M'caka ca 2024 bambo ndi mai onse awiri anapezeka olakwa pa mlandu wa kupha anthu mosafuna, nalamulidwa kukhala m'ndende zaka 10 kufikira 15. Zala zao sizinakhudze mfuti tsiku limenelo, koma bwalo linaona kuti anatsegula khomo limene anayenera kulitseka.

Kupatsa kweni-kweni

Tsono funso lija liyankhidwa motani? Pali miyeso itatu yosiyanitsa cinthu cobwerekedwa mosabvuta ndi cinthu cofuna kusamala. Woyamba ndi wakuti: cikalakwika, kodi cikonzeka? Nkhwangwa yobwereka siicedwa kuguluka, koma ikaguluka mpini wina usemedwa, ndipo cibale cipitirira. Cipolopolo cikaturuka sicibwerera, ndipo pepani sapoletsa cilonda. Waciwiri ndi wakuti: ngozi igwera yani? Wobwereka mnzace njinga waika pa ngozi cuma cace ca iye mwini, ndipo ali ndi ufulu wakutero. Wobwereka mnzace mfuti waika pa ngozi moyo wa munthu wacitatu, amene sanafunsidwe ndipo mwina sadziwika dzina lace. Munthu angathe kupatsa cimene ciri cace, koma moyo wa mwana wa mnansi suli wace kuti aoneke nao wopatsa. Wacitatu ndi wakuti: kodi wopemphayo asowa ciani kweni-kweni? Mlamu uja sasowa mfuti ai. Asowa kuti cimanga cace cipulumuke.

Muyeso wacitatuwu ndiwo utsegula njira, pakuti usonyeza kuti pakati pa kumana ndi kulola pali cinthu cina coposa zonse ziwiri. Mwini mfuti angathe kuyankha kuti, "Alamu, mfuti iyi siiyenda yokha. Tiyeni ndikagone nanu kumunda, ndipo mawa tikauze alonda a nyama a Boma za nguluwe zimenezi." Potero wapereka tulo tace, miyendo yace ndi luso lace, zimene ziri zodula koposa citsulo. Apa ndipo padziwika kusiyana kwa waumbombo ndi wanzeru, ngakhale onse awiri ayamba ndi mau akuti iai. Waumbombo akana kuti asabvutike, natseka citseko. Wanzeru akana mfuti yokha, nabvala nsapato. Kupereka mfuti pakhomo ndi kubwerera kukagona ndiko kosabvuta mwa zonse, ndipo kawiri-kawiri kucokera m'mantha a kuchedwa womana, osati m'cikondi.

Wopempha nayenso ali ndi udindo wace. Munthu amene adziwa kuti mnzace angalandidwe cilolezo, kapena kulowa m'ndende, kapena kusenza mwazi cifukwa ca iye, ndipo aumirirabe ndi mau akuti, "Kodi simundikhulupirira?" ameneyo wasandutsa cibale cingwe comangira mnzace. Bwenzi leni-leni lipempha kuphunzitsidwa, nilibvomera kuima pa candamale mwini mfuti ali pambali, kufikira litayenera kukatenga cilolezo cace-cace.

Anyamata ndi asungwana otsiriza sukulu adzapatsidwa zinthu zambiri zonga mfuti, cinkana ena a iwo sadzagwira mfuti moyo wao wonse. Wina adzasunga makiyi a galimoto la kampani, wina kabati ya mankhwala m'cipatala, wina cidindo ca ofesi, wina mfuti yeni-yeni monga wapolisi kapena mlonda wa nyama. Pa zonsezi adzafika mbale wokondedwa ndi pempho la usiku umodzi wokha. Pamenepo ayenera kukumbukira kuti mwambo wa makolo umene unalamula kupatsa ndi womwewo unapatsa mwini mfuti gawo la nyama, ndipo potero unamuuza kuti ciri conse cimene cida cace cicita kuthengo cidzafika pakhomo pace. Khasu, mcere ndi moto aziperekedwa ndi manja awiri kwa yense wopempha. Koma cida cimene cingathe kucotsa moyo wa munthu ciyenera kuyenda pamodzi ndi mwini wace, ndipo ngati mwiniyo sangathe kupita naco, cikhale cotsekeredwa m'nyumba.